Dzina Lolembedwa ndi Pensulo

Chimene chinandidzutsa si chifuwa chawo ayi, chimenecho ndinali nditachizolowera. Anali mawu. Nyumba yanga ndi ya apongozi anga aamuna ndi zoyandikana, ndipo usiku wa ku Lizulu kukazizira kanthu kakang'ono kamamveka patali. Ankatchula mayina, limodzilimodzi, motsitsa, ngati munthu amene akuwerenga ng'ombe zikamalowa m'khola. Abrahamu, Isake, Yakobo, n'kumatsika nawo mpaka kufika pa ena amene ine sindinawamvepo ngakhale ku Sande sukulu. Atatha a m'Baibulo sanapume. Anangopitiriza ndi mpweya womwewo: Kambalame, Fanizo, Gracian, Silvester, Chrispine. Pa dzina la malemu mwamuna wanga anaima. Kenaka anatchula lina, la mwana amene anagona pamkono panga.

Ndinamukokera Ian pachifuwa mwamphamvu mpaka anadandaula ali m'tulo.

Dzina la apongozi anga sindiyenera kulitchula, ndipo pakamwa panga silinatulukepo. Ndalilemba kale kamodzi pamwambapa, ndi lachinayi pa mayina asanu aja. Pakhomo timawaitana ndi mfunda wawo, a Ngozo. Kutchalitchi ndi kumsika ali ndi dzina lina, a Anabala. Anawapatsa ndi akhristu anzawo, chifukwa akapatsidwa mpata wolalikira amatsegula malo aja amene aliyense amawalumpha, pamene pamangoti uje anabala uje, uje anabala uje. Anthu akawaona akunyamuka pabenchi amayamba kukonza pokhala, ena amati lero mbatatesi zipserera pamoto. Koma sindinaonepo munthu akutuluka iwo asanamalize.

Ine ndine Lufina, wa kuchigwa, kufupi ndi Sharpevale. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Banja likatha, kaya ndi imfa kaya ndi mkangano, mayi amanyamula ana ake n'kubwerera kwa amalume awo, palibe amene amafunsa. Kwa a Ngozo si choncho. Iwo ndi a mabanja aja amene anasungabe zakale za Chingoni. Anapereka malowolo kwathu, ndipo mwana amatsata bambo ake. Pokwatiwa ndinazimva zimenezi, koma ndinali ndi zaka makumi awiri, Chrispine ali wamoyo akuseka pambali panga. Ndani amaganiza za tsiku la sudzulo akuyesa diresi la ukwati?

Chrispine anagundidwa ndi galimoto ku Joni akuchokera kuntchito, ine ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Pamaliro ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Anthu ankalira akuyang'ana bokosi, koma akapukuta misozi maso awo ankabwera pamimba panga. Chrispine anali mwana wamwamuna yekhayo amene anatsala. Apongozi anga sanalire mokweza. Anawagwira dzanja n'kuwafikitsa pabokosi, popeza maso awo anachita ng'ala zaka zingapo zapitazo. Anasisita thabwa lija kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, milomo ikugwedezeka. Ndinali pafupi, ndinamva. Anali mayina omwe aja.

Mbiri yawo ndinaitola pang'onopang'ono, ina kwa Chrispine, ina kwa alamu anga a Hannah, mwana wawo wamkulu amene anabwerako kuukwati ndipo ndi amene amawaphikira. Akuti ali mnyamata ankachedwa kusukulu masiku onse chifukwa ankayamba wakatsekulira ng'ombe. Aphunzitsi atatopa ndi kumenya anawapatsa chilango china, choti aloweze pamtima mayina onse amene ali potsegulira Chipangano Chatsopano. Analoweza akulira. Sukulu anailekera Sitandade 4, koma mayina aja anakanirira m'mutu.

Mu 1971 anapita kumigodi ya ku Joni. Chaka chachiwiri ali kumeneko, mwala unagumuka n'kuwatsekera pansi, iwo ndi anzawo awiri. Nyali za pachipumi zinazima tsiku loyamba lomwelo. Mmodzi wa anzawo aja anali wa dziko lina, ndipo anawauza ndi chilankhulo cha kumigodi kuti amene agone sadzukanso. A Ngozo anafunafuna pemphero m'mutu mwawo, osalipeza. Nyimbo zonse zinathawa. Chimene chinatsala ndi chilango chija. Ndiye anayamba kutchula, akafika kumapeto n'kuyambiranso, masiku awiri athunthu. Iwo amati penapake mumdima muja anazindikira chinthu chimene aphunzitsi sanawauze: anthu onse a mumndandanda uja anafa, wina aliyense, koma chimene Mulungu analonjeza woyamba uja sichinalowe m'manda ndi aliyense wa iwo. Chinkangodutsa, kuchoka pa uyu kupita pa uyo. Atazindikira zimenezo anawonjezerapo mayina a makolo awo, osapempha chilolezo kwa munthu.

Anatuluka chala chimodzi chitaphwanyika, mnzawo mmodzi atafa. Chifuwa chimene amakhosomola lero anachitenganso komweko. Asanabwerere kumudzi anagula Baibulo, ndipo patsamba loyera la kutsogolo analembapo mayina a makolo awo aja ndi inki. Atafika anakwatira, nayamba kulima mbatatesi ndi kabichi, ndipo alima zomwezo zaka makumi asanu.

Mwana wawo woyamba wamwamuna, Raymond, anamulemba m'Baibulo tsiku lomwe anabadwa. Chikuku chinamutenga asanakwanitse chaka. Kuyambira pamenepo anaika lamulo lawolawo: mwana salembedwa mpaka ataima yekha n'kuyenda. Panabwera atsikana anayi motsatizana, kenaka Chrispine, anthu atayamba kale kunena kuti mzere wa a Anabala wathera pa iwo eni.

Lamulo limeneli ndi limene ine ndinaligwiritsitsa.

A Hannah anali atandiuza kale mmene zidzakhalire. Sanandiuze mwankhanza. Tinali kusankha mbatatesi za mbewu, anangoyamba nkhani maso ali pantchito.

"Alamu, inu ndinu mwana. Sitingakusungeni pano ngati chithunzi cha pakhoma. Ian akayenda, ababa amulemba. Akasiya bere tikusudzulani bwinobwino, mukapeze banja lina."

"Nanga mwanayo?"

"Mwanayo ali kwawo kale. Muzidzabwera kudzamuona, msewu sunatsekedwe."

M'mutu mwanga zinthu ziwiri zija zinamangana pamodzi: kulembedwa ndi kulandidwa. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti dzina likangolowa m'buku lija ndi inki, pansi pa Abrahamu ndi Isake, ndiye kuti Mulungu mwini wake wasainira, ndipo ine ndikadzathawa naye mwana ndidzakhala ndikulimbana ndi kumwamba. Ndinafika Fomu 2, ndikudziwa kuti inki ndi inki. Koma ndinali nditamva mmene bamboyo amatchulira mayina aja, ndipo palibe amene angawamve n'kunena kuti ndi inki chabe.

Ian anayenda ali ndi chaka ndi mwezi umodzi. Munali m'nyumba mwanga, chitseko chili chotseka. Anasiya mwendo wa bedi, naponda katatu, n'kudzagwera m'manja mwanga akuseka. Mayi wina aliyense akanaimba nthungululu. Ine ndinamutseka pakamwa.

Kuyambira tsiku limenelo sanatsikenso kumsana kwanga kunja kukuwala. Kumjigo ali kumsana, kudimba ali kumsana, kutchalitchi ali pamiyendo nditamupana. Ankalimbana nayo nsalu, kundimenya tizidendene m'nthiti, kulirira pansi. Ndikatseka chitseko madzulo m'pamene ndinkamumasula, iye n'kumazungulira m'chipinda ngati kamwana ka mbuzi kamene katuluka m'khola. Ndinayala bulangete pansi kuti mapazi asamveke.

Sabata yachitatu a Hannah anayamba kundiyang'ana cham'mbali.

"Kodi kwanu kuchigwa ana amayamba kuyenda atamera ndevu?"

"Ndi waulesi chabe, alamu."

"Waulesi amene akukung'ambirani nsalu chonchi? Tamutsitsani timuone."

"Pansi pakuzizira, ali ndi chimfine."

"Chimfine cha chaka chonse. Mudzathyoka msana, ine ndilibe ndalama ya kabaza wopita nanu kuchipatala."

Usiku umene ndinamva dzina la Ian likutchulidwa unali wa sabata imeneyo. Ndinagona ndikudzifunsa kuti kodi akudziwa, kapena akungoyembekeza.

Zinaululika Loweruka masana. Ndinkachapa kuseri kwa nyumba, ndipo msana unandiwawa kwambiri moti ndinamukhazika Ian pansi pambali pa beseni, ndikuti kanthawi kochepa. Ndinatembenuka kuti ndiyanike nsalu imodzi. Pobwerera panalibe mwana. Ndinathamanga kuzungulira nyumba, ndipo ndinamuona ali pakati pa bwalo, manja ali m'mwamba, akupita dzandidzandi kukhonde kumene agogo ake anakhala pampando akuothera dzuwa.

Mkazi wa mwana safika pafupi ndi apongozi ake aamuna. Zaka zitatu ndili pakhomo paja ndinali ndisanayandikirepo khonde limenelo iwo alipo. Ndikafuna kuwapatsa moni ndinkagwada patali, cham'mbali, maso pansi. Ndiye ndinangoima pakona ya nyumba, thovu lili m'manja, mwana wanga akundithawa ndikuona.

A Ngozo anapendeketsa mutu. Anamva. Anatambasula dzanja lija la chala chopindika mpaka Ian anafika n'kuligwira. Anamupapasa kumutu, m'mapewa, kenaka anatsika n'kugwira timapazi, kamodzikamodzi.

"Mapazi awa si a lero," anatero, osakweza mawu. "Hannah, uwauze amake kuti mawa tikaweruka kutchalitchi abwere pakhonde pano. Maso ndilibe, iwe zolemba zako zimakhala ngati nkhuku yapalasa. Alemba ndi iwowo."

Lamulungu lija kunali nkhungu mpaka masana. Ulaliki sindinaumve. Pobwerera ndinalowa m'nyumba, n'kutsegula kathumba kamene ndimasungamo kabuku ka kusikelo ka Ian. Munali kapensulo kakafupi. Ndinakabisa mumpango kumutu. Nzeru yake inali yakuti: iwo saona, a Hannah sakhala pafupi ndi buku lija. Ndilemba ndi pensulo, ndipo tsiku lina ndidzapeza mpata wofufuta. Ndinkapita kukanamiza munthu wosaona, pa Baibulo, tsiku la Mulungu.

A Hannah anayala mphasa kumapeto kwa khonde. Ndinakhala cham'mbali, Ian ali pamiyendo. Iwo anakhala pakhomo la khitchini akusenda nyemba, makutu ali kuno. Apongozi anga anatulutsa buku lokulungidwa m'kansalu kakuda, nalikankhira pamphasa ndi nsonga ya ndodo yawo kuti manja athu asakumane. Pambuyo pake anakankhanso bolopeni yatsopano.

"Nambewe," anandiitana ndi mfunda wanga. "Tsegulani. Muwerenge kuyambira pamwamba, mokweza."

Chikuto chinali chofewa ngati chikopa chakale, chonunkha utsi. Patsamba loyamba panali mayina asanu, lililonse pansi pa linzake, inki ya pamwamba itasanduka yofiirira. Chakumbali kunali dzina la Raymond ndi kamtanda. Koma chimene chinandigwira maso chinali pamwamba pa dzina loyamba. Panalibe cholembedwa, koma pepala linali lakuda ndi lopyapyala pamalopo, ngati pamene chala chakhala chikukhudza zaka zambiri.

Ndinawerenga. Mawu ankatuluka aang'ono. Pa dzina lachinayi ndinaima, sindikanatha kulitchula.

"Lumphani, mwiniwake alipo," anatero, ndipo a Hannah anaseka kukhitchini.

Ndinatchula la Chrispine.

"Tsopano lembani pansi pake."

Ndinatola bolopeni, n'kuitsegula kuti imveke, n'kuiika pansalu yanga. Ndinasolola pensulo mumpango. Zilembo zitatu zokha, koma zinanditengera nthawi ngati ndikulemba mayeso. Nditamaliza ndinati, "Ndalemba, bambo."

Nkhuku inadutsa pabwalo. Kenaka anati:

"Bolopeni silira choncho."

Ndinaifumbata pensulo ija m'dzanja.

"Bolopeni imatsetsereka, siimveka. Icho chimakwekwesa. Ndinaphunzira kulemba ndi pensulo ine, Nambewe, ndikuidziwa kulira kwake."

A Hannah anasiya nyemba. "Pensulo? Alamu, mwalemba mwana wa Chrispine ndi pensulo ngati mndandanda wa zokagula kumsika?"

"Hannah, nyemba zako zikudyedwa ndi nkhuku."

"Ababa, muwalekerera? Anayamba ndi kubisa mwana kumsana masabata atatu, lero izi. Mawa tidzadzuka nyumba ili pululu."

"Ndati nyemba."

Ndinagwada bwinobwino, chipumi pafupi ndi mphasa. Ndinafuna kupepesa koma chimene chinatuluka ndi china. Ndinati, "Bambo, ndilibe wina. Mukandilanda uyu ndilibe wina." Sindinalankhulepo mawu ambiri chotero kwa iwo chikwatiwire.

"Inenso ndilibe wina," anayankha.

Pamenepo ndinalira, chifukwa zinali zoona.

Anadikira mpaka nditatonthola. Ian anali atatsika pamiyendo panga akuseweretsa ndodo ya agogo ake.

"Bulangete lija munkayala pansi," anatero, "linkathandiza pang'ono. Koma mwana akagwa amaseka, ndipo kuseka kwa mwana amene wagwa akuyenda n'kosiyana. Ndinadziwa tsiku lachiwiri. Ndinati ndione kuti mayi ameneyu afika nazo pati. Masabata atatu mwana wolemera chonchi ali kumsana, kumjigo, kudimba. Ine usiku osagona, kumufunsa Mulungu kuti kodi ndikuopedwa chonchi ndine chilombo? Ikani chala pamwamba pa Kambalame. Mwaona chiyani?"

"Palibe dzina, bambo. Pangoda."

"Ndadetsapo ndine. Agogo anga a Fanizo ndinawapeza ali moyo, ndipo anandiuza za bambo awo. Kambalame sanabadwe Mngoni. Anagwidwa pankhondo ali kamnyamata kosadziwa n'komwe dzina la bambo ake. Anamutenga kuchigwa, kwanu komweko, amake ali m'munda wa mapira. Akuti mayiyo anathamangira ankhondo mtunda wautali mpaka anagwa. Amene anamugwira anamulera ngati wake, anamupatsa mfunda uwu timanyadirawu, anamupatsa ng'ombe, anamukwatitsa. Sanazunzike ayi. Koma a Fanizo ankati bambo awo atakalamba, madzulo aliwonse ankakhala kuseri kwa khola kuyang'ana kumene kumatsikira phiri. Dzina la amake analiiwala. Ankangokumbuka kuti anali ndi mphini pachipumi."

A Hannah anali atabwera pafupi, lichero lili m'manja. Nkhope yawo inaonetsa kuti nkhaniyi akuidziwa, koma sanaimvepo ikunenedwa chonchi.

"Zaka makumi asanu ndakhala ndikugwira pamenepo," anapitiriza a Ngozo, "kuganiza kuti chimene chikusowapo ndi dzina la bambo ake a Kambalame. Masabata atatu awa m'pamene ndaona kuti pakusowanso mayi uja. Mzere wathu unayamba ndi mwana wolandidwa. Ndiye ine, mkulu wa mpingo, ndiutsirize ndi mwana wolandidwanso?"

"Ababa, si kulanda," anatero a Hannah, mawu atatsika. "Ndi mwambo. Malowolo anapita. Akapita kuchigwa adzakula ngati wa kwa amake, mfunda adzauiwala. Inu mudzatsala ndi ndani? Ine ndaika m'manda achimwene anga awiri. Mwana ameneyu akamaseka ndimamva Chrispine."

Sindinawaonepo a Hannah akugwetsa misozi kupatula pamaliro. Ndinazindikira kuti nthawi yonseyi ndinkawaona ngati mdani, pamene iwonso ankangogwira chomwe ine ndinkagwira, mbali inayo.

"Mwana wanga," anatero bambo awo, "Yakobo anakhala zaka zingati kwa amalume ake?"

"Musandiyambitse Sande sukulu pano."

"Makumi awiri. Kwawo kwa amake. Anachoka pakhomo pa Isake ndi ndodo yokha, Isake ali wosaona ngati ine. Kodi lonjezo linatsala pakhomo kudikira? Linamutsatira. Linamupeza panjira atagona, atatsamira mwala. Nanga Abrahamu mwiniwake, mawu oyamba amene anamva si oti achoke pakhomo pa bambo ake? Ife timaganiza kuti tikulisunga ndife lonjezoli, ndi khola lathu, ndi inki yathu. Pansi pa mgodi ine ndinalibe khola, ndinalibe buku. Linandipeza."

Analankhula motsitsa, akupumira chifuwa chawo. Ndakhala m'tchalitchi moyo wanga wonse, ndipo anthu a m'Baibulo ndinkawaona ngati a pazithunzi za pakalendala, ovala mikanjo yoyera. Tsiku limenelo zinali ngati akhala nafe pakhonde pomwepo, anthu okalamba, amantha, a mwana mmodzi, amene anauzidwa chinthu chachikulu kuposa iwo n'kuchinyamula osadziwa kumene chikupita. Ndipo bambo wosaona uyu, wa jekete long'ambika pachigongono, ankawatchula ngati anansi a kutsidya kwa msewu.

"Musaganize kuti n'zophweka," anatembenukira kumene kunali ine. "Ndimafuna akhale. Ndimafuna ndizimva mapazi akewa pabwalo pano mpaka tsiku langa. Usiku uja ndinamutchula dzina, ndinkayesa kumva ngati likukhala bwino pansi pa la bambo ake. Likukhala bwino. Lidzakhala bwino ngakhale ali ku Sharpevale."

Ndinatola bolopeni ija. "Ndidutsitsemo inki, bambo?"

"Ayi. Musiye momwemo."

"Lidzafufutika."

"Likayamba kufufutika mudzadutsitsamo pensulo yomweyo. Akadzakula, adzawerenga yekha kuyambira pamwamba, mudzamuuza za malo akudawo. Akadzafuna, inki adzaika ndi dzanja lake. Ife tonse asanu palibe amene anafunsidwa."

A Hannah anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye achibale mukawauza chiyani? A Fyson adzakudyani wamoyo pabwalo." A Fyson ndi mng'ono wawo wa a Ngozo, amene amayendetsa nkhani za pabanja.

"Fyson ndinamuphunzitsa kukama ng'ombe ndine. Adzalankhula, adzatopa. Sudzulo lichitika monga mwa mwambo, mbuzi iphedwa, Nambewe amasulidwa. Chosintha n'chimodzi, mwana apita ndi amake. Maholide azidzabwera kuno kudzakumba mbatatesi, asadzakule osadziwa kuzizira."

"Nanga bukulo?"

Funso limenelo inenso linali pakamwa panga. Baibulo lija linali lisanagonepo kunja kwa nyumba yawo chichokere kumigodi.

Anatambasula dzanja. Ndinalikankhira pamphasa, iwo n'kulitola. Anatsegula tsamba loyamba, chala chawo chinapita chokha pamalo akuda aja, kenaka chinatsika pang'onopang'ono mpaka pansi, pamene pensulo inasiya timizere tokumbika. Anakhala akusisita pamenepo nthawi yaitali.

"Ili silindithandizanso, mayina ndili nawo m'mutu. Lipita ndi mwana. Koma sindilitumiza ngati katundu wa pa minibasi. Nambewe, amalume anu akadalipo?"

"Alipo, bambo."

"Muwaimbire foni. Muwauze kuti likatha sudzulo akubwera mlendo wosaona, wokhosomola, wodya pang'ono. Ndikufuna ndikawapatse bukuli m'manja inu muli pomwepo, ndiwauze mfunda wa mwanayu ndi pakamwa panga, kuti akamamuthokoza azimuthokoza nawo. Ndiponso ndikufuna mukandiperekeze kwa okalamba a kumeneko. Mwina alipo amene anamvapo za mayi wa mphini pachipumi amene anathamangira ankhondo."

"Ababa, zaka zoposa zana," anatero a Hannah. "Ndani angakumbuke? Komanso inu ulendo wotsika phiri kudzera ku Kasinje uja, mabampu aja, kutentha kuja, ndi chifuwa chimenechi?"

"Akapanda kukumbuka ndikawauza ine, ayambe kukumbuka. Chibadwire sindinatsikeko kuchigwa, Kambalame anafa akungoyang'anako. Undichapire jekete lija la ku Joni, ndipo mawa m'mawa ukandiitanire Fyson."